Mayi wa Nsapato M'manja

Mutu 6

1. Mzere wa Lachitatu

Dzina lake lenileni linalembedwa pa kabaji ka pachifuwa, koma palibe ankavutika kuliwerenga. Pachipatala ponse ankangoti Changu. Ankadya ali chiimire, ankayankha funso lisanathe, ndipo akamadutsa pakhonde nsapato zake zinkamveka ngati za munthu wothawa mvula.

Anali m'chaka choyamba kusukulu ya azamba. Sukuluyo inamutumiza kukaphunzira ntchito kwa milungu isanu ndi umodzi pa chipatala chaching'ono chimene azakhali ake ankagwirapo ntchito. Azakhaliwo ndi amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi, mayi ake atamwalira. Azakhaliwo anali mzamba wodziwika, ndipo theka la ana a m'deralo anabadwira m'manja mwawo.

Lachitatu linali tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera. Pofika 7 koloko mabenchi onse asanu anali atadzaza. Ena anakhala pansi kutsamira khoma, ena anakakhala panja pamthunzi wa thanki ya madzi. Changu anawerenga mabuku a kuchipatala amene amayiwo anaunjika patebulo, n'kupeza 63. Mzamba wachiwiri anali atapita kumaliro, motero ntchito ya anthu atatu inatsalira awiri.

Gawo la Changu linali kuyeza kuthamanga kwa magazi. Makina a mabatire anafa kalekale, ndiye ankagwiritsa ntchito akale aja: lamba womanga pamkono, kampira kopopera mpweya, ndi chomvetsera cha m'makutu. Pakhoma, pamwamba pa tebulo lake, panali chipepala chachikasu chopindika m'makona. Chinkati mayi aliyense ayambe wakhala pansi mphindi zisanu, kenako ayezedwe. Nambala ya pamwamba ikafika 140, kapena ya pansi ikafika 90, ayezedwenso. Ikabwerera pomwepo, pa buku lake pamatidwe kapepala kofiira, ndipo asapite kunyumba asanaonane ndi mzamba.

Lamulo limeneli linachokera mu kafukufuku wa pulofesa wina wa kusukulu ya madokotala, amene anamwino anawapatsa dzina loti Mayi Yezaninso. Tsiku lomwelo, 2 koloko masana, pulofesayo ankabwera kudzacheza ndi ophunzira onse a m'zipatala zapafupi. Changu anali atawerenga za iwo m'kalasi mpaka kuloweza. Funso lake anali atalilemba pa kapepala, n'kukapinda kanayi, n'kukaika m'thumba la yunifomu. Ankafuna benchi ya kutsogolo.

Vuto linali lakuti msonkhanowo unkachitikira m'chipinda chomwecho cha sikelo, pa mabenchi omwewo.

2. Njira yachidule

M'mawa wonse Changu anagwira ntchito molongosoka, ngakhale diso limodzi linali pa wotchi ya pakhoma. Amayi awiri anawamatira kapepala kofiira n'kuwalowetsa kwa azakhali. Amayi ena anamuona kuti sakukhazikika, ndipo amayi a pasikelo sasowa chonena.

"Anamwino athu a lero ali ndi chibwenzi pageti," anatero wina.

"Ayi, mpando wawo uli ndi nyerere," anayankha mnzake, benchi yonse n'kuseka.

Changu anaseka nawo pang'ono, koma chala chachikulu chinali chitayamba kuwawa ndi kupopa, ndipo anali asanamwe ngakhale madzi. Ophunzira a m'zipatala zina anayamba kufika, mayunifomu ochita kusita, n'kumaima pakhomo kudikira mabenchi. Mkulu wa chipatala anasuzumira katatu. Ulendo uliwonse ankangoloza wotchi yake ya pamkono.

Itakwana hafu pasiti wani panali patatsala amayi asanu ndi awiri. Azakhali anatuluka m'chipinda chawo akupukuta m'manja. Anayang'ana amayiwo, anayang'ana wotchi, kenako anawerama pakhutu pa Changu.

"Usavutike nawo awa. Ona nambala ya mwezi watha, ukopere yomweyo."

"Osawayeza, azakhali?"

"Mwana iwe, ntchito iyi ndinayamba iwe usanamere mano. Mayi wodwala ndimamuona akamalowa pageti. Taona onsewa, akuseka, akucheza. Lamulo la pakhomalo analemba ndi anthu a m'maofesi ozizira, amene sanaonepo mzere wa anthu 63 uli ndi manja anayi okha. Chipinda chikufunika kusesa, mabenchi akufunika kukonza, alendo ali panjira. Ukufuna atipeze tili piringupiringu, akatinene kuti ndife osalongosoka? Ingowamanga lambayo kuti mitima yawo ikhale m'malo, ulembe, azipita. Sikuti tikupha munthu."

Changu sanatsutse. Kunena zoona mtima wake unakondwa, chifukwa njira yachidule imakoma kwambiri akakuonetsa ndi munthu wamkulu.

Anayamba. Kumanga lamba, kupopa kawiri, kumasula, kuona nambala ya mwezi watha, kulemba m'buku la mayi, kulembanso m'kaundula wamkulu wa chipatala. Chomvetsera chinkangolendewera m'khosi. Amayi asanu ndi mmodzi anadutsa m'mphindi khumi.

Womaliza anabwera pang'onopang'ono atanyamula nsapato zake m'manja. Zinali nsapato zakuda zapulasitiki. Mapazi ake anali atatupa moti zala zinkaoneka ngati zongomatapo. Pa diresi lake panali tizidutswa ta ulusi wamitundumitundu, ndipo mimba inali ya miyezi isanu ndi itatu.

"Zakana kulowa," anatero akuseka, n'kuika nsapatozo pansi. "M'mawa zinalowa bwinobwino."

"Zimatero, mayi. Bweretsani mkono."

"Komanso mutu, anamwino, kuyambira dzulo. Ine ndimasoka, ndiye ndikamalowetsa ulusi ndikumaona masingano awiri, ndi timoto touluka m'maso."

Panja panamveka galimoto ikuima, zitseko zikutsekedwa.

"Ndi dzuwa limenelo. Mukamwe madzi ambiri."

"Lero simumvetsera m'makutu?"

"Ndazolowera," anatero Changu, n'kulemba 110/70 monga mwezi watha.

Mayiyo anathokoza, anatola nsapato zake n'kutuluka. Changu anatenga tsache.

3. Buku la mng'ono wawo

Benchi ya kutsogolo anaipezadi. Pulofesa anali mayi wamfupi, wa imvi, wovala juzi yotha m'zigongono, ndipo amene ankayembekezera munthu wa chikwama chonyezimira anakhumudwa. Mkulu wa chipatala anayamba kuwatamanda. Anati kafukufuku wawo wasindikizidwa m'mabuku akuluakulu, akatswiri anzawo amutchula kambirimbiri, ndipo mayiko ena atengera lamulo la kapepala kofiira. Pulofesa ankamvetsera akuyang'ana denga. Mkuluyo atatha, iwo anatulutsa m'thumba la juzi kabuku kakale ka kuchipatala, kothimbirira.

"Zimene anenazi n'zoona, koma pepala silipopa makina," anatero. "Ndikuuzeni kumene zinayambira. Bukuli ndi la mng'ono wanga. Ine ndinali kale dokotala pamene iye anatenga mimba yoyamba. Sanajombepo kusikelo. Ankandionetsa bukuli monyadira, ine n'kumati zili bwino, zili bwino. Tsiku lina masana akuchapa anagwa, n'kuyamba kuphupha. Pofika naye kuchipatala anali atatisiya, iye ndi mwana yemwe."

Pulofesa anatsegula kabukuko.

"Maliro atatha ndinakhala pansi n'kuliwerenga bwino. Mwezi wachisanu, 120/80. Wotsatira, 120/80. Winawo, chimodzimodzi. Ana anga, thupi la munthu si wotchi yakufa yoti iziloza malo amodzi. Magazi amasintha ukakwera chitunda, amasintha ukakwiya, nanga mimba ikamakula? Mng'ono wanga sankayezedwa. Ankangolembedwa."

Changu anakumbukira 110/70 imene analemba masana omwewo.

"Ndiye ndinayamba kuyenda m'makomo momwe munagwa maliro ngati amenewa, kupempha mabuku. Zaka zinayi ndili pamsewu. Ena anandithamangitsa, ena anandipatsa akulira. Ndinasonkhanitsa mabuku mazana atatu, ndipo oposa theka anali ndi nambala yobwerezabwereza. Sindinatulukire mankhwala atsopano ayi, mankhwala analimo kale m'makabati. Chimene ndinapeza n'chakuti amayi ankafa ndi cholembera. Tinayesa lamulo lili pakhomalo m'zipatala makumi awiri, ndipo pomwe ankataya amayi khumi ndi matenda amenewa anayamba kutaya atatu. Kenako linafalikira, mpaka lafika pakhoma panu pano."

Anatseka kabukuko n'kukagwira ndi manja awiri.

"Koma mvetsani bwino. Matendawa sabwera ndi ng'oma. Mayi amakhala akuseka nanu pabenchi, magazi ali pamwamba. Akadandaula mutu, akati akuona zinthu ziwiriziwiri kapena timoto, mapazi ndi nkhope zikatupa mwadzidzidzi, ameneyo wagogoda komaliza pakhomo panu. Ndikudziwa kuti mumatopa. Ndikudziwa kuti mzere sutha. Ngati mwalephera kuyeza, siyani malo osalemba. Malo osalemba amauza mnzanu kuti ayeze, koma nambala yabodza imauza aliyense kuti akagone. Zaka zanga zonsezi, ndi mabuku onse amene akunditchulawo, zimathera pa dzanja la mwana wotopa amene wagwira kampira dzuwa lili paliwombo. Dzanjalo likanama, ine sindinafufuze kanthu."

Kenako anafunsa ngati pali funso.

Changu anaika dzanja m'thumba n'kukhudza kapepala kake kopinda kanayi. Anayang'ana azakhali, amene anaima pakhomo manja atapinda. Azakhali anapukusa mutu pang'ono, pang'ono kwambiri moti anaona ndi iye yekha. Malamulo a sukulu ankawadziwa: wophunzira wolemba zabodza m'buku la wodwala atha kuchotsedwa. Panja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo penapake panali mayi woyenda wopanda nsapato.

Anaimirira, benchi n'kulira.

"Si funso, mayi. Ine lero sindinayeze amayi asanu ndi awiri. Ndinangokopera."

Ophunzira onse anatembenuka. Mkulu wa chipatala anavula magalasi. Pulofesa sanakweze mawu.

"Nthawi yanji?"

"Hafu pasiti wani."

"Alipo anadandaula china chake?"

"Mmodzi. Mutu, ndi timoto m'maso. Nsapato ananyamula m'manja."

"Ndiye waimiranji? Bweretsa kaundula."

4. Pakhonde la atelala

Msonkhano unathera pomwepo. M'kaundula munali manambala a foni, ndipo mkulu wa chipatala anayamba kuimbira amayiwo mmodzimmodzi. Anayi anayankha n'kuvomera kubwerera, ngakhale ankang'ung'udza. Awiri mlonda anawapeza akadali pageti kudikira minibasi. Foni ya mayi wa nsapato inali ya mwamuna wake, ndipo inali yozima. Pamalo olemba kumene amakhala, dzanja lina lothamanga linangolemba kuti "kumsika".

"Ndi telala," anatero Changu. "Anali ndi ulusi pa diresi."

"Tenga makina ndi timapepala tofiira," anatero pulofesa. "Dalaivala wanga akupititsa. Ine ndi azambawa tikonza bedi ndi mankhwala."

Pakhomo Changu anadutsana ndi azakhali. Iwo sanamuyang'ane. Anangolankhula ndi m'mphepete mwa milomo kuti, "Wandivula pagulu, mwana iwe," n'kulowa m'chipinda cha mankhwala.

Dalaivala anali bambo wachikulire wosadziwa kuthamanga. Dzenje lililonse la mumsewu ankalipatsa ulemu ngati mpongozi wake. Changu anakhala kumapeto kwa mpando, makina ali pamiyendo, phazi likuponda pansi ngati ndiye akuyendetsa.

"Abambo, chonde, onjezaniko moto."

"Mwana wanga, mayi aja ndawayendetsa zaka khumi ndi zisanu. Mabuku amene amanenawo ndinanyamula ndine, m'makatoni, kumbuyoku. Ndaona ana amasiye akutulutsa buku la mayi awo m'sutikesi ngati chuma. Makomo onsewo tinkafika maliro atatha kale. Lero mwina tifika nthawi ikadalipo, koma galimoto ikagwera m'ngalande sitifika n'komwe. Kuthamanga sikufika. Iwe yang'ana anthu, ine ndiyang'ana msewu."

Atelala ankakhala pakhonde la masitolo moyang'anizana ndi msika, makina khumi ndi awiri pamzere, onse akulira nthawi imodzi. Changu anadumpha galimoto isanaimitsitse. Woyamba kumufunsa anangopukusa mutu, mapini ali kukamwa. Wachiwiri anafuna kudziwa kaye kuti mayiyo walakwa chiyani. Wachitatu anati oyembekezera pakhondepo alipo awiri, akufuna wamtali kapena wamfupi? Woyera kapena wakuda?

Apa m'pamene Changu anazindikira kuti nkhope ya mayiyo sanaiyang'ane n'komwe. Ankakumbuka mapazi okha.

"Wa mapazi otupa. Nsapato zakuda m'manja."

"Ndi mnzathu wa pakonayo," anatero telalayo akuloza makina ovundikira ndi nsalu. "Anafika, anasoka mzere umodzi, unakhota, anamasula ulusi, kenako anati mutu wakula. Tinamuuza kuti abwerere kuchipatala, koma anati mwamuyeza kale, ali bwino. Wapita kukagona. Mutsike ndi njira ya kumpopi, muwoloke kamlatho, nyumba ya chitseko chobiriwira."

Galimoto inalekera pa kamlatho, chifukwa kanali ka matabwa awiri okha. Changu anakumbatira makina n'kuthamanga. Pa tsiku lonselo, apa pokha ndi pamene liwiro lake linali ndi ntchito.

5. Chitseko chobiriwira

Anatsegula chitseko ndi apongozi ake a mayiyo, gogo wamtali atanyamula beseni la madzi. Anaima pakati pa khomo.

"Wagona. Musamudzutse."

"Ndachokera kuchipatala, agogo. Ndikufuna ndiwayezenso."

"Kuyezanso chiyani? Buku ndaliona ndi maso angawa, kuwerenga ndimatha. Palibe kapepala kofiira. Mpongozi wanga wina munamumatira kofiira chaka chatha, tinagona kuchipatala sabata yathunthu, ndiye ndimakadziwa. Uyu mwalemba nokha kuti ali bwino. Mutu ndi wa dzuwa, mwatero nokha."

Kuulula pamaso pa anthu ophunzira kunali kovuta, koma apa panavuta koposa.

"Ndinanama, agogo. Sindinawayeze. Nambalayo ndi ya mwezi watha."

Gogoyo anaika beseni pansi pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unanama. Mwana uyu wadzuka m'mamawa, wasiya zovala za eni ake pamakina, wakhala pabenchi yanu theka la tsiku ndi njala, kuti iwe umunamize? Ife tikamabwera kwa inu timabwera ngati akhungu. Zimene mwalemba ndi zimene timaona. Wafika pano akulira mutu, ine n'kumuuza kuti asamadzimvere chisoni, mimba si matenda, achipatala anena kuti ali bwino. Ndamukalipira mwana wa eni ake chifukwa cha cholembera chako. Yunifomu imeneyo anakupatsa kuti tizikukhulupirira, osati uzititsekera nayo m'maso. Pepani wakoyo usunge, sapoletsa chilonda. Lowa."

M'chipindamo makatani anali otseka. Mayiyo anagona chammbali, nsalu yonyowa ili pamphumi. Changu anamuyang'ana nkhope koyamba: anali wamng'ono, mwina wongomuposa zaka zitatu, ndipo zikope zinali zitatupa. Nsapato zija zinali pafupi ndi bedi.

Anagwada, anamanga lamba, anaika chomvetsera m'makutu. Mtima wake womwe unkagunda kwambiri moti poyamba sanamve kanthu. Anatulutsa mpweya wonse, anapuma, n'kuyambiranso pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira kusukulu. Kasingano ka makinawo kanaima pa 172, kenako pa 114. Anayeza mkono winawo. Nambala sinatsike.

Anatenga buku, anadula mzere pa 110/70, n'kulemba nambala yoona pambali pake, ndi nthawi, ndi dzina lake lonse. Kenako anamata kapepala kofiira pachikuto.

"Anamwino," anatero mayiyo maso ali chitsinzinire, "si munati ndi dzuwa?"

"Ndinalakwa, mayi. Tiyeni tsopano, galimoto ili pa kamlatho."

Sanathe kuyenda yekha. Dalaivala anali atafika kale pakhomo, ndipo iye ndi aneba awiri anamunyamula atamukhazika pampando. Gogo anatsatira ndi nsapato ndi chikwama cha zovala za mwana chimene chinali chisanathe kulongedzedwa. Pobwerera, dalaivala uja anaiwala ulemu wake kwa maenje.

6. Dzanja la m'kaundula

Pachipatala anapeza bedi lokonzeka. Azakhali anapeza mtsempha kamodzi kokha pa mkono wotupawo, pomwe wina akanabaya katatu, ndipo pulofesa anagwedeza mutu movomereza. Analowetsa mankhwala oteteza kukomoka ndi ena otsitsa magazi. Amayi asanu ndi mmodzi aja anali atayezedwa kale ndi mkulu wa chipatala, ndipo onse anapezeka ali bwino. Azakhali sananame ponena kuti ambiri amakhala bwino. Kungoti lamulo la pakhoma silinalembedwe chifukwa cha ambiriwo.

Ambulansi ya kuchipatala chachikulu inafika dzuwa litapendeka. Changu anaima pafupi ndi chitseko chake.

"Achira, mayi?"

"Wamupeza asanagwe, chimenecho n'chachikulu," anatero pulofesa. "Koma magazi akafika apa, mankhwala enieni n'kuti abereke msanga. Mwanayo mwina abadwa lero lomwe, masiku ake asanakwane. Akanayamba mankhwala hafu pasiti wani ndikanakuyankha ndi mtima umodzi. Pano sindikulonjeza."

Ambulansi inanyamuka. Dalaivala anabwera n'kumupatsa Changu nsapato zakuda zija, zimene gogo anaiwala pansi pa mpando wa galimoto. Changu anazilandira ndi manja awiri, ndipo misozi imene anaigwira tsiku lonse inatuluka. Anali ndi manyazi, anali ndi mantha, ndipo sanadziwe koziika nsapatozo.

Ophunzira ena onse anali atapita. Pulofesa anamuitanira m'chipinda cha sikelo, momwe mabenchi anali akadali pamzere wa msonkhano. Kaundula anali wotsegula patebulo.

"Kusukulu kwako ndilemba kalata," anatero. "Ndinena zonse ziwiri, kuti unanama ndi kuti unaimirira. Chimene achite ndi chawo, ndipo ukachilandire. Koma mwana wa chaka choyamba sapeka yekha njira imeneyi. Bwera uone."

Anayamba kutembenuza masamba chobwerera m'mbuyo. M'kaundulamo mayi aliyense anali ndi mzere wake, miyezi yake yonse motsatizana. Chala cha pulofesa chinkaima apa, chinkaima apo.

"Uyu, nambala imodzi miyezi itatu. Uyu, inayi. Uyunso. Masamba awa analembedwa iwe usanabwere. Ndawerenga amayi makumi awiri ndi mmodzi amene akadali ndi mimba. Ali m'makomo panopa, ali ndi mabuku owauza kuti agone. Ndiyenera kudziwa kuti dzanja ili lalemba kuyambira liti, ndi m'masamba angati. Ndikhoza kufunsa mkulu wa chipatala, andiuza m'mphindi imodzi. Koma ndikufunsa iwe. Anakuphunzitsa ndani?"

Changu anayang'ana tsambalo. Zilembo zopendekera kumanzere, seveni wodula pakati. Ndi dzanja lomwe linkasaina malipoti ake onse a kusukulu, lomwe linalemba dzina lake mkati mwa kolala ya yunifomu imene anavalayo.

Kunja kwa zenera azakhali anali pampopi. Ankasamba m'manja, kusamba, kusamba, thovu litatha kale, ndipo sanatembenuke.

Pulofesa anatsegula cholembera chawo n'kudikira. Changu anapanikiza nsapato zija pachifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, funso linatha iye asanayankhe.